Zeze Patsogolo, Mwana Kumsana

Zeze anakwera phiri atagonekedwa pa matiresi kumbuyo kwa pikapu ya koleji. Benedicta anakwera naye komweko, dzanja lina litagwira chingwe chomangira, lina litafungatira mwana wake Esitere. Pokhota paliponse mtima wake unkadumpha kawiri, poyamba chifukwa cha mwana, kenako chifukwa cha nsambo.

Sanali zeze wa kumudzi ayi. Anali uja wakunja amene ku koleji amati hapu, wamtali kufika m'khutu mwa munthu, woliza utamutsamiritsa paphewa lamanja. Ku dipatimenti ya nyimbo analipo mmodzi yekhayo, ndipo wophunzira amene wamuliza bwino pa konsati yotsekera chaka ndiye ankasunga kiyi wa chipinda chake chaka chotsatira. Kiyiyo anali wa Benedicta mpaka pamene anapita kukachira. Iye ali m'chikuta, kiyiyo anaperekedwa kwa Yvonne, mtsikana wa zala zofulumira. Lero, m'holo ya loji ina pamwamba pa phiri, onse awiri amayenera kuliza, ndipo mphunzitsi wawo, Madamu Rosebell, asankhe.

Malangizo a Madamu aliyense ankawadziwa pamtima. Zikhadabo zikhale zazifupi. Ukalakwa usaime, nkhope isaulule. Ndipo lalikulu: "Yeserera monga momwe udzalizire. Nsapato zomwezo, mpando womwewo, chovala chomwecho. Thupi silidziwa kuti lero ndi konsati."

Benedicta anayeserera ndithu. Kungoti bambo wa mwana anali ku Joni, ndipo wolera panalibe. Ankachoka ku Chikanda m'mamawa, kubwereka kiyi Yvonne ali m'kalasi, n'kukhala pa zeze Esitere ali kumsana. Mfundo ya mbereko anaisunthira kumanzere kuti isakande thabwa. Kawirikawiri mwanayo ankagona nyimbo isanafike pakati.

Kuphiri anapeza nkhungu itakuta mitengo ya paini. Anadikira kuti zeze azolowere kuzizira, kenako anachuna nsambo imodziimodzi. Alendo asanafike, Madamu anati aliyense ayeserere komaliza.

"Mwana apite panja," anatero osayang'ana n'komwe.

Safina, mnansi wa Benedicta amene anatseka kaokala kake kuti adzathandize, anamulandira. "Bwera kuno bwana wamkulu. Amako akukakanda waya."

Benedicta anakhala pa kampando, n'kukokera zeze paphewa. Nthawi yomweyo anamva kuti china chalakwika. Zeze ankamukankhira chagada ngati walemera usiku umodzi. Msana unali wozizira, wopepuka, wosadziwa pokhazikika. Chala chinafuna nsambo yofiira n'kugwira yoyandikana nayo. Makutu ake anali panja: kodi uja ndi Esitere akutsokomola? Kodi Safina wamuveka chipewa? Nanga anyani aja anawaona pamsewu? Anaima. Anayambanso, n'kuimanso pomwe pomwepo.

"Mwaima kawiri, a Benedicta," anatero Madamu. "Ine ndinakuuzani kuti mupume chaka. Zeze safuna mitima iwiri."

Yvonne anamugwira paphewa. "Osadandaula asisi. Kiyi ndizikubwerekani monga kale. Masana, mwana akagona."

Chifundo chimenecho ndi chimene chinamutulutsa panja. Anapeza Safina pa benchi akudyetsa mwana nthochi.

"Ndiye mwabwera kudzatani, amake Esitere? Mwanayu sanalire ngakhale pang'ono. Akulira ndinu."

"Mpatseni kuno."

"Iii, ngati ndamutsina! Nayu katundu wanu."

Benedicta anaponya mwana kumsana, n'kumanga mfundo kumanzere osaganiza n'komwe, n'kukhala pa benchipo. Atangokhala, msana unawerama pang'ono kulandira kulemerako, phewa lamanja linabwera patsogolo, zigongono zinadzuka zokha. Anayang'ana manja ake ali m'malere, zala zitapindika pa nsambo zimene panalibe. Anadabwa, kenako mkwiyo unamukwera. Miyezi yonseyi thupi lake linaphunzira kukhala pakati pa akatundu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndiye lero amuchotsere mmodzi n'kumati walephera?

Alendo anafika, akuluakulu a koleji ndi akazi awo, majasi atakoleka pamipando. Yvonne analiza koyamba, analiza bwino, anthu anawomba m'manja. Dzina la Benedicta litaitanidwa, Madamu anamupeza pakhomo la holo mwana ali kumsana.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndikukaliza, Madamu."

"Ndi mwana? Kuno si kusikelo, a Benedicta. Tayang'anani amene akhala kutsogoloko."

Benedicta anakana kubwerera. "Munati nsapato zomwezo, mpando womwewo. Nsapato ndi izi. Mpando ndi uwo. Ndiye uyu ndimusiye bwanji? Nyimbo imeneyi sindinailizepo popanda iyeyu."

"Munkalowa naye m'chipinda cha zeze?"

"Tsiku lililonse."

"Nanga akalira?"

"Akalira walira. Munati tisamaime."

Madamu anafinya milomo. "Mukalowa naye, ine ndilibe chokulonjezani."

"Ngakhale kumusiya simunandilonjeze kanthu," anatero Benedicta, n'kulowa.

Manong'onong'o anayenda m'holo ngati mphepo m'chimanga. Bambo wina wa tayi anaseka poyera. Mayi wina anati, "Abale, alibe wantchito?" Benedicta anamva zonse, poti khutu lake silinkaphonya kanthu chibadwire mwanayu. Anakhala pansi, anakokera zeze paphewa, ndipo ulendo uno zeze anabwera n'kukhazikika. Kumsana kunali kofunda. Ankamva kupuma kwa Esitere m'nthiti zake zomwe, ndiye panalibenso chomvetsera panja.

Anayamba. Nsambo zazitali zinalira pansipansi, zazifupi n'kuyankha pamwamba ngati madzi a mtsinje wa Likangala pamiyala. Pa malo aja anaima kawiri anangodutsa osawaona.

Koma Esitere sanagone. Anthu anali ambiri, magetsi owala. Pakati pa nyimbo anatulutsa kadzanja, n'kugwira duku la amake, n'kukoka. Duku linatsetserekera pakhosi, mangongo a dzana onse poyera. "Ta-ta-ta!" anakuwa mwanayo mokondwa. Anthu anaphulika kuseka. Chala cha Benedicta chinaphonya nsambo imodzi, iye anaimva ngati munga, koma nkhope inakhala duu. Anagwedeza msana pang'ono monga ankachitira m'chipinda muja, kugwedezako kukutsata nyimbo, manja osaleka. Kuseka kunazilala. Pofika kumapeto mwana anali atatsamiritsa tsaya pamsana, duku lili m'kamwa. Benedicta anayala zikhatho pa nsambo kuti zitonthole.

Woyamba kululutira anali Safina, kumbuyo kwenikweni, osasamala za majasi. Ena anatsatira ndi m'manja.

Anthu akumwa tiyi pakhonde, Madamu anabwera pamene Benedicta ankakulunga zeze m'bulangete.

"Munaphonya imodzi."

"Eya, Madamu."

"Koma simunaime." Anayang'ana mwana, mwana n'kuwayang'ananso osaphethira. "Ndipo duku limenelo mukadayeserera nalo, mukadadziwa kuti limakokeka."

Anakodola Yvonne. Yvonne anavula kiyi m'khosi mwake pang'onopang'ono, maso ali pansi. Esitere anatambasula dzanja kuti alande, koma amake n'kuyambirira kulandira.

"Chaka chamawa adzakhala akuyenda ameneyu," anatero Madamu. "Mudzatani?"

Benedicta anakoleka kiyi m'khosi, n'kumubisa pansi pa mfundo ya mbereko.

"Tidzayeserera akuyenda. A Yvonne, gwirani kumutuko. Pikapu ikudikira."