Chidindo Chachiwiri

Ahedi a pasukulu ya mdzukulu wanga adamulakwira mwanayo Lolemba, kutatsala masiku anayi kuti yunivesite ija aliyense amailota itseke kulandira mafomu. Adakana kumusayinira ndi kumudindira fomu yake. Ndikulemba izi zikadali zotentha, chifukwa anthu ophunzira amadziwa kutembenuza nkhani ikazizira.

Ine ndimasema zidindo. Tebulo langa lili pakhonde la sitolo ya mabuku, moyang'anana ndi positi ofesi, ndipo ndakalambira pomwepo ndi kampeni, labala ndi kagalasi kong'aluka. Sukulu ndidalekezera sitandade 5. Maofesi ndimawadziwa bwino: ndasemera mabwana ambiri mawu oti TALANDIRA ndi oti TAKANA, ndipo chidindo chomwe chimatha msanga ndi cha TAKANA.

Mdzukuluyo ndi mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Kunyumba timamutcha Mafunso, poti adayamba kufunsa asanamere mano. Masana a Lolembalo adafika patebulo panga atavala yunifolomu, fomu ili m'manja, maso ali gwa ngati munthu amene walira kale panjira.

"Akuti chiyani?" ndidamufunsa.

"Akuti kumeneko amatenga mmodzi pa anthu makumi anayi. Akuti sukulu yathu sinatumizeko munthu chiyambire, ndiye ndisakawachititse manyazi."

"Ananena muli awiri?"

"Pamaso pa kalasi yonse. Akuti, 'Kaya agogo ako akakusemere yunivesite yakoyako pakhonde paja.' Anthu anaseka."

Ndisaname, ine ndemwe sindinkakhulupirira za fomuyo. Malo oterowo amagawana okhaokha mayina asanalembedwe. Ndi mmene ndidaonera dziko. Koma kuti munthu wovala tayi aseke mwana wa mwana wanga pogwiritsa ntchito tebulo langa, ayi.

Chidindo cha sukuluyo ndidasema ndine, zaka zisanu zapitazo. Chilichonse chomwe ndasema ndimayamba ndachidinda m'kope langa ndisanachipereke. Mafunso atapita, ndidatsegula kopelo, ndikuchipeza, ndikudula labala watsopano. Pofika Lachiwiri m'mawa chinali chitatha, chofanana ndi chinzake ngati mapasa, ngakhale kakhonyo kamene kadapindika pa chilembo chomaliza.

Ndidamuonetsa asanapite kusukulu, tili pakhomo.

"Bwera nayo fomu ija."

Adachitenga, nkuchitembenuza, nkuchinunkhiza. "Agogo, mwasema bwino."

"Ndikudziwa."

"Koma masamu anu ndi oipa. Panopa ndili ndi mwayi umodzi pa makumi anayi. A kuyunivesite akangoimba foni kusukulu kwathu kufunsa, nditsala ndi ziro. Inu mutsala ndi bulangete la kundende."

"Ndani angaimbe? Anthu aja sawerenga nkomwe."

"Ngati sawerenga, nanga mwavutikiranji ndi kakhonyoka?"

Mwana ameneyu pakamwa adatengera agogo ake aakazi. Iye adatambasula fomuyo pabondo nkuloza timalemba tating'ono ta pansi, timene maso anga sationa.

"Apa akuti asayine ahedi, kapena mphunzitsi aliyense amene wandiphunzitsa zaka ziwiri. Amadamu a masamu avomera kale. Chavuta ndi chidindo basi. Ahedi amachitsekera m'dilowa, kiyi ali m'thumba mwawo."

"Chiti?"

"Chidindo cha sukulu."

"Ndikuti chiti? Ndidasema ziwiri."

Adandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndidatsegula kope nkumuonetsa: zidindo ziwiri zofanana, tsiku limodzi. China adati ndi cha ofesi ya ahedi, china cha mayi mlembi, chodindira makalata a tsiku ndi tsiku. Mabwana amaiwala zinthu zimene adaitanitsa. Wosema saiwala.

Chabodza chija ndidachiduladula iye akuona, poti adakana kuchoka ndisanatero. Mtima udandipweteka. Inali ntchito yabwino.

Lachitatu ndidatseka tebulo, ndikuvala jekete, tidapita limodzi. Ofesi ya mlembi ndi kachipinda ka zenera limodzi, kodzaza mafayilo mpaka kudenga. Mayiyo ankataipa ndi zala ziwiri, magalasi ali pamphuno. Amadamu a masamu, kamunthu kochepa thupi, choko chili mbuu pasiketi, adasayina ataimirira.

Mlembiyo adawerenga fomu yonse, kutsogolo ndi kumbuyo, osafulumira. Ine ndinkangodikira kuti atchule mtengo wake, kapena atiuze kuti tibwere mawa.

"Abwana akudziwa?" adafunsa.

"Akudziwa kuti anakana," adatero amadamu.

"Anakana kusayina. Za kudinda sanandiuze kanthu." Adatsegula kabati nkutulutsa chidindo chakuda ndi inki. "Ine adandilemba ntchito yodinda zomwe aphunzitsi asayina. Madala, ndi chanu ichi eti? Chayamba kudya chilembo chapakati."

"Mumachimenya ngati mukupha njoka. Bweretsani kuno."

Ndidachipala pang'ono ndi kampeni, ndikuchipukuta. Adachinyika mu inki, nkudinda pang'onopang'ono, akundiyang'ana. Chidatuluka bwino, zilembo zonse.

"Iwe," adatero kwa Mafunso, "ukakakhala dokotala usadzandiimike pamzere."

"Ndikufuna za uinjiniya, amayi."

"Ndiye udzandikonzere denga ili."

Fomu idapita Lachinayi, pa makina a m'sitolo ya mabuku ija. Mafunso adadina batani yekha. Ine ndidafunsa mwini sitolo kawiri ngati yafikadi, iye nkundionetsa mawu pagalasi la kompyuta. Ndidamuuza kuti mawu opanda chidindo ine sindiwakhulupirira.

Padapita masabata asanu ndi awiri. Tsiku lililonse ndinkamuuza mwanayo kuti asaikepo mtima, iye nkumandiyankha kuti mtima ndi wake. Ankawerenga m'mawa asanatunge madzi, ndipo Loweruka ankapita kwa amadamu kukasolva masamu a zaka zam'mbuyo.

Kalata idabwera Lachisanu lapitali. Adathamanga nayo kudutsa msewu osayang'ana magalimoto, mpaka woyendetsa basi adamutukwana. Amuitana kukalemba mayeso olowera mwezi wamawa. Pa anthu zikwi ziwiri ndi mazana anayi asankhapo mazana atatu, ndipo malo alipo makumi asanu ndi limodzi.

"Mmodzi pa asanu, agogo!"

"Ndiye kuti anayi abwerera."

"Anayiwo akalira kwawo. Inu konzani jekete."

Ndidatenga kalatayo ndikuyang'ana chidindo chake pa kagalasi kanga. Nchamakina, chosalala, chopanda dzanja la munthu. Koma nchenicheni. Ndidaipinda bwino ndikumubwezera, ndipo ndidapeza kuti ndikuseka ndekha, mpaka wosoka nsapato wa pambali panga adafunsa ngati ndayamba kumwa masana.

Amadamu a masamu ahedi adawachotsa m'kalasi yomaliza sabata yomwe fomu idapita. Pano akuphunzitsa ana ongoyamba kumene. Chidindo chachiwiri ahedi adachilanda, chili m'dilowa limodzi ndi chinzake. Dzulo pa asembule adaimika Mafunso kutsogolo, nkuuza sukulu yonse kuti mwanayu adamulimbikitsa ndi iwo.