Mmene a Merle Anawongolera Mfuti ya Apongozi

A Merle Hovland anali munthu wosatha kuona chinthu chikugwira ntchito osachilowerera. Chipumireni pa ntchito yogawa makalata m'mafamu a m'mbali mwa mtsinje wa Musselshell, anali atakonza wotchi yapakhoma mpaka inayamba kulira kawiri pa ola, atakonzanso chitseko cha galaja mpaka chinkatseguka chokha galimoto ya aneba ikamadutsa. Akazi awo, a Arlis, anatopa n'kudandaula, moti lamulo anangoika pa chinthu chimodzi.

"Merle, konzani chilichonse pakhomo pano, ngakhale ineyo mundikonze. Koma mfuti ya adadi, zala zanuzo zisafikepo."

Inali mfuti yam'manja yakale, ya zipolopolo zisanu ndi chimodzi, ndipo ndi chokhacho chimene malemu Tollefson, bambo a Arlis, anasiyira mwana wawoyo. Inali ndi khalidwe lake: chipolopolo inkachiponya kumanzere ndi kumunsi pang'ono. A Arlis anaiphunzira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankadziwa kuti ukafuna kulasa chandamale cha nkhumba yachitsulo pachifuwa, umaloza pakhutu. Chaka chilichonse mu Okutobala, pa mpikisano wa kalabu ya owombera mfuti, ankagwetsa nkhumba zachitsulo zinayi kapena zisanu mwa zisanu, amuna n'kumakhosomola mwamanyazi.

A Merle zimenezi zinkawanyadiritsa, komanso zinkawayabwa. Mfuti yoti uziinamiza kuti inene zoona! Choncho a Arlis atapita ku Billings masiku atatu kukaona mng'ono wawo amene anamuchita opaleshoni ya chiuno, bambowa anatenga mfuti ija m'kabati, n'kudziuza kuti imeneyi ikhala mphatso ya zaka makumi anayi za ukwati. Kenako anaitana mnzawo Orval Stuckey, poti mutu umodzi susenza denga. Vuto lake, mitu iwiriyi inali yofanana.

A Orval anali atawerenga chilichonse chokhudza mfuti, koma chimene anachitapo ndi manja awo palibe amene ankachikumbuka. Anafika ndi zitini zitatu za phala lopalira zitsulo, lokhakhala, lapakati ndi losalala. Poyamba anakhomera kamtovu kofewa, kaja asodzi amamangirira pa mbedza, kuchokera kukamwa kwa mpope wa mfutiyo, kuti auyese mkati. Kanayenda bwinobwino, koma kutsala pang'ono kutulukira kumbuyo kanakakamira.

"Wamva? Wamva, Merle?" a Orval anakuwa. "Mpope wathina pomwe anaumangira. Chipolopolo chimafinyika chisanayambe n'komwe ulendo, ndiye chikamafika kutsogoloku chimangogwedera ngati phazi m'nsapato yobwereka. Apongozi ako anakhala ndi matenda amenewa moyo wawo wonse osadziwa."

"Nanga mankhwala ake?"

"Timapaka phalali pa zipolopolo zamtovu, wonga pang'ono chabe, n'kumawomba. Chipolopolo chokha chikupala pothinapo. Ana amachita zimenezi."

"Iwe unachitapo?"

"Ine ndinawerenga, aise. Wochita amaiwala, wowerenga saiwala."

Kuti phala lilowe mumtovu pankafunika kugubuduza zipolopolo pakati pa zitsulo ziwiri zosalala. Chitsulo chimodzi anachipeza m'galaja. Chinacho anafunafuna mpaka maso a a Merle anagwera pa chiwaya cha akazi awo chokazingira mapanikeke. Munthu amene waba kale mfuti saopa chiwaya.

Anakawombera kuseri kwa khola, chandamale atachimata pa mtolo wa udzu. Chipolopolo choyamba chinangoti "pfu", osatuluka. A Orval anali atachepetsa wonga mopitirira, ndipo amuna awiri okalambawo anatha theka la ola akuchigogoda ndi kandodo kamkuwa, uyu akunena kuti wolakwa ndi uyo. Chachiwiri chinatuluka, koma mwaulesi, moti a Merle anachiona ndi maso chikupita. Chinagunda mtolo, chinagwa pansi, tambala n'kuthamangira kukachijompha.

"Ichi sichingaphe ngakhale nthawi," anatero a Merle.

"Ndiye zoyenera zimenezo. Kupala sikufuna changu."

Anapitiriza choncho masiku awiri. Akawomba zisanu, kutsuka mpope. Akawomba zisanu, kutsukanso. Phala lokhakhala, lapakati, kenako losalala. Manja anada bii, ndevu za a Orval zinachita mchenga. Masana a tsiku lachiwiri kamtovu kanadutsa mumpope monse mosakakamira paliponse. A Merle anaika zipolopolo zenizeni, anatsamiritsa mfuti pa thumba la mchenga n'kuwomba zisanu. Mabowo onse asanu anali pakati penipeni, ounjikana moti pansi pa kapu ya khofi panawaphimba. Kukonza kwawo kunali kutatheka, koyamba chibadwire! Anavina pomwepo, nsapato zikufumbitsa. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Arlis anabwerako Lachisanu. Loweruka m'mawa anakazinga mapanikeke, ndipo atangoluma kamodzi analavula.

"Ufa wa masiku ano! Ngati ausesa pamsewu."

"Ine ndikumva kukoma," anayankha a Merle, mano akuchita kekete. Anadya awo, anadyanso a akazi awo, kuti umboni uthe. Anali atapangana ndi mtima wawo kuti aulula mpikisano ukatha, nkhumba zonse zili chagada. Zoti munthu amene waloza pakhutu kwa zaka makumi asanu adzalozanso pakhutu sizinawadutse m'mutu ngakhale kamodzi.

Mpikisano unachitika Loweruka lotsatira, kukuzizira, anthu atafumbata makapu a khofi. Dzina la a Arlis litaitanidwa, onse anasendera pafupi monga mwa chaka ndi chaka. Mayiwo anaimirira mowongoka, anakweza mfuti, anawomba. Nkhumba yoyamba inangoima. Anawombanso, yachiwiri inangoima. A Orval, amene anali atakanikiza diso pa chowonera patali, anagwira mkono wa mnzawo.

"Merle! Zikunyambita khutu! Chilichonse pakhutu penipeni, utoto ukuchita kuuluka!" ananong'ona mokweza. "Tachita ntchito, aise!"

Yachitatu, yachinayi, yachisanu, nkhumba zonse zinatsala chiimire ngati zikudikira chakudya.

A Arlis anabwera pabenchi pang'onopang'ono n'kukhala pafupi ndi amuna awo. Anavula magalasi, anawayang'ana, anawapukuta ndi mpango ngakhale anali oyera kale.

"Basi, Merle, maso atha," anatero motsitsa. "Ndimati ndikuona bwino, koma eti ndimadzinamiza. Adadi anandiuza kuti tsiku ndidzaphonye zonse zisanu, ndidzaipachike pakhoma, osakakamira ngati nkhalamba zina. Ndakalamba ine."

Misozi inali italenga m'maso mwawo. Kumbuyo kwawo a Orval ankapukusa mutu mwamphamvu, chala chili pamlomo. Ndipo kunena zoona njira inali yotseguka: kungokhala chete, mfuti ikapachikidwa, nkhani yatha, ukalamba wasenza mlandu. A Merle anaiganizira njirayo nthawi yokwanira kumeza malovu kamodzi, ndipo anachita nayo manyazi.

"Arlis, maso anu alibe vuto. Ndine."

"Ndinu chiyani?"

"Ndinaipala mkati. Muli ku Billings. Inali yothina, ndiye ine ndi Orval..."

"Ine ndinangobwereketsa zitini, mayi," anatero a Orval, akubwerera m'mbuyo.

"Ndimafuna ikhale mphatso. Pano ikuwomba pamene mwalozapo. Munaloza pakhutu, yapita pakhutu." Poti anali atayamba kale, anamaliza. "Ndipo mchenga wa m'mapanikeke uja sunali wa mu ufa."

A Merle ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo akanakondwa nako, chifukwa kukalipa kumatha. Koma mayiwo anangovala magalasi, anaika zipolopolo zina zisanu, n'kupita kwa woyang'anira mpikisano.

"Mundilole ndiwombenso. Musalembe."

Ulendo uno analoza pachifuwa. Nkhumba zinagwa motsatana, ngwe, ngwe, ngwe, zonse zisanu, mwachangu kuposa chaka china chilichonse. Anthu anaomba m'manja, ena analiza mluzu, a Orval anayamba kale kufotokozera oyandikana nawo za phala lokhakhala. A Merle anapumira m'mwamba, kumwetulira kukuyamba kubwera.

A Arlis sanamwetulire. Anachotsa makoko a zipolopolo, anapukuta mfuti, anaitseka m'bokosi lake n'kuliika m'manja mwa amuna awo.

"Mwaigwira bwino ntchito, Merle. Ikuwomba ngati mfuti iliyonse ya m'sitolo."

"Ndiye chaka chamawa..."

"Ndikakweza mpope kufuna khutu lija, ndimawamva adadi kumbuyo kwanga akuti, 'Kweza pang'ono, mwanawe, imeneyi ndi yamakani ngati ine.' Chaka chilichonse ndimabwera kuno kudzamva zimenezo. Inu mumayesa ndimabwerera nkhumba?" Anamanga mpango m'khosi. "Lero ndagwetsa zisanu ndili ndekhandekha."

Ananyamuka kulunjika kugalimoto. A Merle anatsatira m'mbuyo atafukata bokosi ndi manja awiri, akuwerengera mumtima njira zobwezera chitsulo mumpope, ndipo sanapeze ngakhale imodzi. Madzi akatayika saoleka. Atafika, anapeza akazi awo atakhala kale pampando, manja ali pamiyendo pamene bokosilo linkakhala ulendo uliwonse. A Merle anatsegula chitseko n'kulisendeza kwa iwo.

"Ayi," anatero a Arlis, maso ali kutsogolo. "Imeneyo ikani kumbuyo, pamodzi ndi zipangizo zanu."