Ambulera ya Eni Ake

"Iyo isiyeni, si yathu," anatero mayi, bambo aang'ono atatola ambulera yobiriwira pamulu wa zovala za malemu.

Bambo aang'ono anaibweza monyinyirika. Jekete ndi wotchi anali atatenga kale. Nsapato anazikana poti zidendene zinali zitadyeka mbali imodzi.

"Anabwera nayo Loweruka lomaliza lija, mvula itawapeza m'tauni. Ankati akabweza." Mayi anatembenukira mwana wawo wamwamuna. "Iwe, kaipereke."

"Kwa yani?"

"Kafunse. Miyendo uli nayo."

"Nthawinso ali nayo yambiri," anatero mlongo wa mnyamatayo akupinda malaya. "Koma amayi, azikalowa m'mabala misozi isanaume? Anthu atiti chiyani?"

"Atiti sitisunga za eni."

Mnyamatayo anatola ambulera. Chisiyireni koleji chaka chatha, bambo ake sanamukalipirepo, ndipo kukhala chete kwawoko kunkamupweteka kuposa ndodo. Loweruka lililonse ankagogoda pachitseko chake: "Tiye tikawongole miyendo." Iye ankadzigonetsa dala, poganiza kuti kunjako ndiko akamutsukuluze. Tsopano bambowo anali atapita, ndipo iye ankakhulupirira kuti apita akuchita naye manyazi.

Sanakwere basi. Malemu ankati mzinda umadziwika ndi mapazi. Anadutsa msewu wa osoka nsapato, nyumba zosanjikizana zoyanika zovala m'makonde, mlatho wa oyenda pansi pomwe magalimoto ankalira kunsi kwake. Analowa m'kanyumba ka tiyi komwe bambo ake ankakatchula kawirikawiri.

Mayi wogulitsa tiyi anayang'ana ambulera, kenako nkhope yake. "Ndiwe mwana wa a Pang'onopang'ono iwe? Mphumi ndi womwewo. Ali kuti masiku ano?"

"Tawaika dzana."

Mayiyo anaika ketulo pansi, nakhala pabenchi. Kenako anamuthirira tiyi, ndalama anakana. "Ambulerayo si yanga, mwanawe. Akachoka pano ankapita kulesitilanti ya pakona."

Kulesitilanti wophika anatuluka m'khitchini akupukuta manja. Atamva uthenga anavula chipewa chake choyera. "Ndiye azindiuza ndani kuti mchere wachepa? Zaka zonsezi mbale ankamaliza psiti, koma mchere sunakwanepo." Anaseka, misozi ili lengelenge. "Yesa kubala ya kuseri kwa malo ochapira magalimoto."

Dzuwa linali lidakalipo koma mitambo inkasonkhana. M'balamo munali anthu ochepa, wailesi ikulira chapansipansi. Mwini wake, bambo wadazi, anatambasula manja.

"Ambulera yanga imeneyo. Ndimati mdala uja wandidyera."

Mnyamatayo anafotokoza. Mwini bala anazimitsa wailesi.

Funso limene linamulemera njira yonse linatuluka lokha. "Kodi ankakuuzani kuti ndikadali ku koleji?"

"Aname chifukwa chiyani? Anatiuza sabata yomweyo kuti wasiya. Makaniko wina anati, 'Mdala, mwalima pamwala.' Iwo anangoti, 'Munthu akaima panjira sikuti wasochera. Mwina akuchotsa kamwala m'nsapato.'"

Mnyamatayo anayang'ana pansi.

"Bwera uone." Mwini bala anamutengera patebulo laling'ono la pawindo, la mipando iwiri. "Ankakhala apa, botolo limodzi basi, kumaonerera anthu odutsa. Bala idzaze chotani, mpando winawu sankalola munthu kuukhudza. Ankaikapo chipewa, amvekere, 'Pali munthu, akubwera.' Ife kuwaseka kuti mdala wapeza chibwenzi. Iwo amvekere, 'Ndi mwana wanga. Amayenda pang'onopang'ono, watengera ine.'"

Anaupukuta mpandowo ndi kansalu ka paphewa, naukoka.

Mnyamatayo anakhala. Pawindo pankaoneka msewu wonse umene anadzera, mpaka pamlatho. Anazindikira kuti munthu wochokera kwawo angaoneke ali patali ndithu. Madontho oyamba anayamba kugunda galasi.

Mwini bala anaimika ambulera pambali pa mpando wake.

"Itenge, unganyowe. Udzabweza Loweruka."