Chigaza cha Agogo Numbuk

Tsiku losainira pangano, Sakias Wangi, mlonda wa pa yunivesite, anapatsidwa ntchito yonyamula agogo a bambo ake. Chigaza cha agogo Numbuk, chomatidwa dongo n'kuikidwa tizigoba m'maso, chinachoka m'nyumba ya mizimu ku Sepik, dera la kwawo kwa Sakias, kalekale m'chikwama cha wansembe, n'kudzathera m'kabati yagalasi ya pa yunivesite mumzinda wa Mosbi muno. Tsopano yunivesite inali itamvana ndi inzake ya ku Germany kuti azunguwo azitenga ophunzira athu, ife tiwabwereke chigazacho akachiunike ndi makina awo. Kubwereka! Ngati kuti mutu wa munthu ndi wilibala.

Sakias zinkamuwawa, koma anafuna chinthu chimodzi basi, choti agogo apite athunthu, adzabwerenso athunthu. N'chifukwa chake bokosi lomwe munali chigazacho sanalole wina aliyense kulikhudza. Anaima nalo pakhonde la holo atalikumbatira pachifuwa, uku Profesa Kila Vagi, mayi wamkulu wa yunivesite, akuveka alendo nkhata za maluwa.

Alendo asanagwire n'cholembera chomwe, lole inathyola geti. Munatsika amuna a ku Sepik, pakamwa pali psuu ndi mtedza wotafuna wotchedwa buai, zikwanje m'manja, ndipo patsogolo panali Ambros, mkulu wake wa Sakias. Mwala woyamba unaswa zenera, wachiwiri unapeza mlendo wina pamphumi, magazi chuchuchu pa malaya oyera. Anthu anabalalika, mipando ikuuluka. Mlonda mnzake wa Sakias anayesa kutukula chibonga, anyamata atatu anamugwetsa n'kumupondaponda mpaka anasiya kukuwa. Profesa Vagi, ulemerero wonse uja, anakwawira pansi pa tebulo.

Ambros analunjika kwa mng'ono wake.

"Iwe Sakias! Bweretsa agogo kuno."

"Achimwene, bwererani. Muwavulaza."

"Ndiwavulaza ine? Galu wa yunifolomu iwe, ukuwakweza ndege ngati katundu, ndiye wowavulaza ndikhale ine?"

"Mukawaika kuti? Nyumba ya mizimu inagwa inu musanamere ndevu. Mukawasunga m'chisakasa chanu chodontha chija, pansi pa bedi?"

"Bola adye utsi wa kwathu kusiyana n'kuti mzungu akawabooleboole. Bweretsa!"

Ambros anagwira ngodya ya bokosi n'kukoka. Sakias anamuponda m'mimba ndi jombo. Ha, mkulu wake weniweni, amene anamulera bambo awo atamira pamtsinje! Ambros anagwa chagada pamasitepe, mlomo unang'ambika, ndipo atadzuka maso ake sanalinso a m'bale. Chikwanje choyamba chinamusenga Sakias paphewa, mkono wonse unachita dzanzi, koma bokosi sanalitaye. Anabwerera chafutambuyo mpaka msana unagunda khoma. Kothawira kunalibe.

"Achimwene, ndine Sakias!"

Ambros sanamve. Anakweza chikwanje ndi manja awiri, kulunjika pakati pa mutu. Sakias anachita mantha, mantha enieni a munthu woona imfa, ndipo manja ake sanamufunse. Anatukula bokosi lija n'kubisa nkhope kuseri kwake.

Phwaa! Thabwa linagawanika, chikwanje chinalowa mpaka m'kati. Dongo linayoyoka ngati chigumu chouma, chibwano chinagwera pa simenti, kachigoba kamodzi kanagubudukira kumapazi a Ambros.

Phokoso lonse linazima. Anyamata a pa lole anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, osafuna kuti fumbilo liwakhudze. Ambros anagwada, chikwanje chili pansi.

"Ndawapha," ananong'ona. "Mayo ine, ndawapha agogo."

Sakias anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, magazi a paphewa akudonthera m'zidutswazo. Anafuna kuti mkulu wake apitirize kunena choncho, kuti anthu onse amve choncho. Koma bodza linamukanika.

"Ayi achimwene," anatero akulira. "Inu mumatema ine. Wodzitchinjiriza ndi agogo ndine."