Mlendo Sabzala Mtengo

Shyreen anapeza mbande zake za mango zitazulidwa n'kuponyedwa m'mbali mwa njira ya ku Mualadzi ngati zinyalala. Wozulayo sanabisale n'komwe. Anali mlamu wake Zacarias, mkulu wake wa malemu mwamuna wake Inácio, ndipo anali atakhala pachulu m'mundamo, khasu lili pamiyendo.

"Alamu, mitengoyi yakulakwirani chiyani?"

"Mlendo sabzala mtengo," anatero Zacarias. "Chimanga limani, nyemba limani, koma mtengo ndi wa mwini nthaka. Mukabzala lero, mawa muziti munda ndi wanu. Inácio anatisiya, ndiye mukakolola muyambe kuganiza zakwanu ku Zambia. Mlendo ndi mame."

"Mame ake ati ochita imvi asanakamuke?"

Mtima wa Shyreen unawira. Anabwera kuno nkhondo itangotha, ali mtsikana, atakwatiwa ndi Inácio. Ana ake onse anabadwira kuno. Nanga m'mudzimo ndani anamera ngati bowa? Albina wa munda woyandikana anachokera ku Tete ndi Chinyungwe chake, m'busa anali Msena, wachigayo anali wa ku Malawi, ndipo onsewo ankamwera mjigo umodzi popanda wowafunsa kwawo. Koma mwamuna akangogona m'manda, anthu ena amakumbukira msanga kumene mkazi anachokera, makamaka munda ukakhala wachonde.

Anatola mbande imodzi n'kuisasa fumbi pamasamba.

"Mbewu zimenezi ndinabwera nazo chaka chatha kuchokera kumaliro a bambo anga. Mukuudziwa mtengo wake?"

Zacarias anayang'ana kumbali.

"Ndi uja wa kuseri kwa nkhokwe yathu. Munafika kwathu mukuthawa mfuti, inu ndi Inácio ndi amayi anu, mapazi atatupa, mulibe ndi mphasa yomwe. Bambo anakupatsani malo. Tsiku lina munadya bango lokoma pamsika, inu nomwe n'kukabzala mbewu yake pakhomo pathu. Bambo anakuuzani kuti mlendo sabzala mtengo?"

"Zimenezo zinali za nkhondo."

"Anakutungirani madzi, alamu. Anatchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye. Mpaka lero kwathu amati mango a Zacarias, ndipo palibe anayerekezapo kuudula."

Albina anali atasiya kupalira, akumvetsera ali chilili m'malire mwa munda wake.  Zacarias sanapepese, anthu otere sapepesa, ndipo Shyreen sankafunanso kupepesa kwake. Mbande ziwiri zinali zitathyoka mizu, zoti sizingagwirenso, ndipo zimenezo zinamuwawa kwambiri chifukwa bambo ake ndiwo anasunga mbewuzo asanamwalire. Yachitatu inali ikadali ndi dothi lake.

Shyreen anapita pachulu paja n'kutambasula dzanja.

"Khasulo."

Zacarias analigwira kanthawi ndithu, maso ali pa kambande kaja. Kenako analisiya.

Shyreen sanabwezere mtengowo m'mphepete momwe unali. Anakumba pakati penipeni pa munda, pamene aliyense wodutsa panjira angauone. Albina anafika ndi chigubu chake cha madzi akumwa n'kukhuthulira onse m'dzenjemo.

"Ukadzabereka mudzabwere, alamu," anatero Shyreen akupondaponda dothi. "Ndi mango anu omwe aja. Koma mudzachite kupempha."