Mtsuko wa ku Lukwa

Fodya akatha ku Kasungu, dziko limakhala ngati nyumba imene alendo achokamo dzulo. Zigafa zimangotsala mitengo yokhayokha, minda ili mbee, kamvuluvulu akungoyendayenda ndi fumbi. Nyengo imeneyi ndiyo amachita chionetsero cha zaluso pabwalo la mpira ku boma, poti manja a anthu amakhala atapuma.

Feliya, tenanti wa pa esiteti ina ya ku Wimbe, adafika mmamawa atasenza mitsuko isanu m'dengu. Kwawo kunali ku Phalombe. Za mphoto analibe nazo ntchito, ayi ndithu. Iye ankafuna mng'ono wake Dorika, amene adakwera lole ya matenanti zaka khumi ndi chimodzi zapitazo ali namwali, osabwerera, osatumiza ngakhale moni. Amayi awo kumudzi anali gone pamphasa, maso atafa, ndipo akaimbitsa foni funso linali limodzi lomwelo: "Mwanayo wampeza?" Tsikuli linali Loweruka. Lolemba lole inali kudzatenga matenanti kubwerera kwawo.

Nzeru yake inali iyi: mitsukoyo adaiumba monga ankaumbira amayi awo, mlomo wopindira kunja, m'khosi mizere itatu yolemba ndi nkhombe, kenako kudinda chala chachikulu pamene mizereyo yakumana. Chionetsero chimasonkhanitsa boma lonse. Dorika akangodutsa, aima.

Pakhomo padali mlembi wa chipewa chofiira, kaundula ali patebulo.

"Gulu lanu, mayi?"

"Ndilibe gulu, bambo."

"Mudzi?"

"Ndimakhala pa esiteti."

"Esiteti si mudzi," adatero mlembiyo, osadzutsa ndi mutu womwe. Malo adagawa kale, mudzi ndi mudzi, gulu ndi gulu. Kenako mlembiyo adamulozera Feliya kumpanda, poimika njinga.

Haa, kumpandako! Kumafika anthu odzatenga njinga basi, nawonso maso ali pa matayala. Chinanso, mitsuko yake siinali yokopa. Tenanti nkhuni azitenga m'nkhalango ya yani? Adaiotcha ndi mapesi a fodya, ndiye idatuluka yamawangamawanga, kwina kofiira kwina kwakuda bii. Bambo wina adaigogoda ndi chala, nkufunsa ngati idapsa ndi nyumba, nkumapita akuseka yekha.

Pakati pa bwalo amayi a ku Njombwa ankavina chimtali, nthungululu zili pokopoko. Wa chimkuzamawu ankatchula midzi umodziumodzi, ndipo mudzi uliwonse ukatchulidwa eni ake ankakuwa. Feliya adamvetsera mpaka kumapeto ngakhale ankadziwa kuti palibe chake. Adasungulumwa koopsa, kuposa m'munda momwe, chifukwa m'munda munthu amakhala ndi khasu.

Dzuwa litafika paliwombo adati, kukhala pano nkudikira madzi a mphutsi. Adavundikira mitsuko ndi chitenje nayamba kuyenda m'mizere. Adadutsa a malichero, a mipini, a mphasa, a nsalu zoluka, akuyang'ana nkhope za akazi mpaka ena kumuyesa wakuba. Atafika pa gulu la ku Lukwa miyendo idangoima yokha.

Panali mbiya zosalala bwino, zofiira psuu, zokongoletsedwa mwa kuno. Koma mtsuko umodzi kumbuyo unali ndi mlomo wopindira kunja. Feliya adaunyamula. Mizere itatu. Adaika chala chake podindapo, ndipo chidakwana pang'ono chabe, poti Dorika anali ndi zala zing'onozing'ono chibadwire.

"Mwaukonda?" adafunsa mayi wachikulire amene ankalondera katunduyo, korona ali m'khosi. "Ine ndine a Consolata. Woumba ameneyu ndi mpongozi wanga, make Yankho. Wapita kukamwetsa mwana, abwera pompano. Khalani pansi, inu, simulipira."

Feliya adakhala.

A Consolata anali munthu wa nkhani, wosadikira kufunsidwa. "Mwana ameneyu ndi mphatso, ndikukuuzani. Adabwera kuno ndi matenanti, koma musamuyese ngati enawa. Ndi wamasiye. Alibe mayi, alibe bambo, alibe ndi mbale yemwe, onse adatsogola. Mwana wanga Lazaro atamufuna, abale adakana, amvekere, ukwati wopanda nkhoswe ngwa nkhuku, ndipo kumwerako sitingapite kukafunsira kwa anthu osawadziwa. Mtsikanayo nkulumbira pamaso pa mpingo kuti kwawo kulibe wotsala. Ndiye a Esau, akatekisiti athu, adaimirira ngati malume ake. Pano ndi wathuwathu. Ana atatu, munda wake, malo ake m'kwaya."

"Onse adatsogola," adabwereza Feliya.

"Onse, mayi. Zachisoni."

Feliya adayang'ana manja ake, osweka ndi utomoni wa fodya. Adakwiya, inde, mkwiyo woti akadatha kuphwanya mtsukowo pomwepo. Munthu kukuika m'manda uli moyo, ukupuma, ukumusaka esiteti ndi esiteti! Koma adawerenganso mumtima zimene zija: ana atatu, munda, nyumba yosadikira lole. Iye zaka zonsezi anali asanadzalepo ngakhale mtengo wa mango, poti sadziwa kumene adzakhale chaka chamawa. Akangoti "mng'ono wanga", lumbiro lija lisanduka bodza pamaso pa apongozi.

Dorika adatulukira kuseri kwa tenti, mwana kumsana, atanenepa bwino, atavala chitenje chofanana ndi cha gulu lonse. Ataona Feliya adaima chilili. Botolo la madzi lidapendekeka m'manja mwake, madzi nkumathira pa phazi, iye osamva.

"Make Yankho, mayiwa akonda mtsuko wako," adatero a Consolata. "Kodi mukudziwana? Mwayang'anana bwanji!"

Maso a Dorika ankapempha. Feliya adawadziwa maso amenewo, ndi omwe ankamuyang'ana nawo ali mwana akaswa mbale.

"Ayi, amayi, sitidziwana," adayankha Feliya. "Kungoti kaumbidwe aka ndi ka kwathu. Amene adandiphunzitsa ine ndi mayi wina wokalamba. Pano akudwala kwambiri, saonanso. Ali ndi mwana wawo adasowera kuno ku fodya, ndiye tsiku ndi tsiku akumuitana. Ine ndikubwerera Lolemba. Lole idzanyamuka pa sikelo ya fodya ya ku Wimbe, dzuwa likamatuluka."

"Mayo ine!" adadandaula a Consolata. "Ana a masiku ano, mitima yawo ndi miyala. Wamva, make Yankho? Ena ali nawo amayi nkumawataya, iwe ukuwalira."

Dorika adagwada pang'ono, monga achitira munthu kwa mlendo wamkulu.

"Pepani, mayi," adatero ndi mawu otsika. "Ambuye awakhudze."

Feliya adabweza mtsuko pamalo pake, natsazika. Kumpanda adapeza mitsuko yake ili momwe adaisiyira.

Lolemba Feliya adafika pa sikelo kusanayere bwino. Amuna ake, a Samsoni, adakweza mitolo, iye nkukhala kumapeto kwenikweni kwa lole, nkhope kuloza msewu wa ku Lukwa. Padadutsa ngolo, padadutsa ana a sukulu. Dalaivala adaliza hutala kawiri, Feliya nkumupempha kuti adikireko pang'ono, akuti wina akubwera. Adadikira mpaka anthu adayamba kung'ung'udza.

Lole itangolowa mu tala, foni idalira m'thumba la a Samsoni. Adayang'ana nambala, nkumupatsira mkazi wawo. Kutali uko kunkamveka wina akuti, "Lankhulani, agogo, ndagwira," kenako kupuma kolemera.

"Feliya? Mwanayo wampeza?"

"Sindinampeze, amayi," adatero Feliya. "Kasungu ndi wamkulu."