Kufufuta kwa Ine Ndekha

Mumsewu wonsewo ankangomutcha Mayi Fotokope, chifukwa cha kashopu kake kopanikizika pakati pa butchala ndi malo ometera. M'katimo munali makina a fotokope, pulinta yokonda kutafuna mapepala, ndi kompyuta yakale yomwe ikatentha inkalira ngati chigayo. Ena ankabwera kudzatayipitsa makalata ofunsira ntchito, koma ambiri ankabwera ndi mafoni amene anawasokoneza okha. Iye ankawathandiza uku akuwakalipira. Uphungu wake unali waulere, koma wothira tsabola.

"Foni ikazizira muziizimitsa n'kuiyatsanso, osati kuimenya ngati mwana wakuba shuga," ankatero. "Ndipo musanatumize chinthu muziyang'ana kaye dzina lili pamwambapo. Maso muli nawo awiri, chala chilibe ngakhale limodzi."

Kunyumba anali ndi bambo ake. Chiwagwereni sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, lilime linalemera. Ana analipo ndithu, koma tsiku lotuluka m'chipatala aliyense anangozindukira kuti nyumba yake ndi yaing'ono, kapena ili ndi masitepe, kapena mkazi wake amamva msana. Nyumba yaikulu inapezeka kuti ndi ya woyamba kubadwa, Mayi Fotokope, ya zipinda ziwiri. Motero iye ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira zofunda akazinyowetsa. M'mawa uliwonse ankawakhazika pampando pafupi ndi zenera, n'kuwapachika foni m'khosi ndi chingwe. Zilembo anazikulitsa, mawu anakweza mpaka kumapeto, kuti ndi dzanja limodzi lotsalalo azitha kudina n'kumvera mauthenga a ana awo. Masana ankawasuzumira mayi woyandikana nawo nyumba.

Mlongo wake wamwamuna wamng'ono ndiye anatsegula gulu la pafoni, nalitcha Tisamale Bambo Athu, nadziika kukhala adimini. Chisamaliro chake chinathera pomwepo. M'mawa ankatumiza vesi, masana maluwa, madzulo timanja topemphera. Abale anayamba kumutcha Adimini momuseka, iye n'kumayankha ndi mtima wonse ngati udindo wolumbirira.

Tsiku limenelo Mayi Fotokope anali atangotsegula shopu, akutayipira bambo wina kalata, pamene foni inalira. Adimini anali atatenga chithunzi cha bambo chomwe Mayi Fotokope anatumiza pagulupo dzulo lake, nazunguliza khosi lawo ndi mzere wofiira, nalemba pansi pake kuti, "Achemwali, Bambo akuoneka kuti awonda. Kodi akudya mokwanira? Tiyeni tiikepo mtima."

Tiyeni. Munthu woti chaka chino sanapondepo pakhomo, woti sadziwa n'komwe kuti mbale ya bambo ake ndi yamtundu wanji, akuti tiyeni! Mayi Fotokope anapsa mtima. Anauza kasitomala kuti adikire, nalowa kuseri kwa makina a fotokope. Anali ndi mnzake wa kusukulu, nesi, yemwe ankamukhuthulira zonse zakukhosi. Anabwerera ku mndandanda wa macheza, naona dzina la Nesi, yemwe anali atangomulembera moni, lili pamwamba, natsitsa chala. Nthawi yomweyo azakhali anaponya pagulu kauthenga kovomereza, gululo n'kudumphira pamwamba, Nesi n'kutsika. Chala chinatera pomwe chinalunjika, koma pamalopo panali patakhala wina. Iye sanayang'ane. Anadina kachizindikiro kojambulira mawu n'kutsegula pakamwa.

"Nesi, tamvera zimene walemba galu uja. Akuti Bambo awonda. Galu wosadziwa ngakhale fungo la chipinda chawo! Ine ndatopa, Nesi. Ndatopa ndi mikodzo, ndatopa ndi kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku. Manja angawa akununkha ngakhale ndisambe sopo wanji. Nthawi zina ndimawayang'ana ali mtulo, n'kumati Mulungu bwanji osangowatenga kuti nanenso ndipume. Eya, ndanena."

Anachotsa chala, uthenga n'kupita. Apo m'pamene maso anakumbuka ntchito yawo. Pamwamba panalembedwa Tisamale Bambo Athu.

Anadina uthengawo mosachotsa chala, nasankha kufufuta, ndipo foni inamufunsa funso limene iye anafotokozerapo anthu kambirimbiri: kufufuta kwa ine, kapena kufufuta kwa onse. Chala chinathamanga n'kugwa pa kwa ine.

"Mayi, pulinta yanu yatafunanso pepala," anaitana kasitomala uja.

Anacheuka. Pansi pa foni panatuluka timawu tomupatsa mwayi wobweza zimene wachita, tinadikira pang'ono, n'kuzimiririka iye akuyang'ana pulinta. Atabweza maso anapeza pagulu pali mbee, ndipo anapuma mpweya wautali. Kenako anakumbukira. Ukafufuta kwa onse pamatsala chipsera chonena kuti uthenga wafufutidwa. Apa panalibe chipsera. Uthengawo anaubisa kwa iye yekha. M'mafoni a abale onse unali chikhalire, ndipo pachifuwa pa bambo ake unali kudikira chala chawo. Iye sakanathanso kuugwira, ngakhale kuona amene waumvera kale.

Anaimbira mayi woyandikana nawo kuti akawalande foni bambowo. Inaitana mpaka kudula, mayiyo anali kumsika. Kuimbira bambo eni ake kukanangowachititsa kuyang'ana foniyo. Munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina pagulupo. Anakukuta mano n'kumuimbira.

"Galu akulankhula, Achemwali," anayankha Adimini mwaulemu wonyanya.

"Wamva kale. Chabwino. Ufufute msanga Bambo asanaumvere."

"Inu katswiri wa mafoni mukulephera kufufuta uthenga wanu womwe?"

"Ndalakwitsa, ndafufuta kwa ine ndekha. Iwe ndiwe adimini, ungathe. Udine uthengawo osachotsa chala, pamwamba patuluka kachithunzi ka bini, udine pamenepo, usankhe kufufuta kwa onse. Kwa onse, wamva? Osati kwa iwe."

"Pang'onopang'ono, Achemwali. Agalufe sitimva msanga."

"Iwe, izi si zamasewera! Za galuzo tidzakambirana, udzanditukwane mmene ungafunire. Koma muli mawu oti Bambo sayenera kuwamva."

"Ndawamva mawuwo. Ndiye ndimati n'chifukwa chiyani akuwonda. Kani mukuwapempherera imfa?"

Mayi Fotokope anagwira makina a fotokope mwaukali. Anafuna kumufunsa kuti ndi liti pamene iye anawanyamulapo bambo kupita nawo kuchimbudzi, ndi liti anawapukutapo, ndi liti anadzukapo chifukwa choti akutsokomola. Anameza zonsezo, ndipo zinamuwawa ngati wameza fupa.

"Ndakupempha, mlongo wanga. Fufuta."

"Mwandinyoza pagulu, mupepesenso pagulu. Mukatero ndiona."

"Uthenga uliwonse wolowa pagulupo foni ya Bambo imalira pachifuwa pawo. Ukufuna ndiwaitanire ndekha kuti adzamvere?"

"Zimenezo mukanaganiza musanatsegule pakamwa. Ine ndikulowa mumiting'i." Anadula.

Anabweza kalata ya kasitomala isanathe, namutulutsa, nakhoma shopu. Wometa anamufunsa ngati kwagwa zovuta, iye n'kungodutsa. Ali chiimire pasiteji analemba pagulu ndi zala zouma kuti, "Pepa mlongo wanga, ndinalakwa kukunyoza." Sanapepesepo chinthu chomwe chinamunyansa chotere chibadwire.

Minibasi inali yosadzaza, ndipo dalaivala analumbira kuti sanyamuka mpando uli wopanda munthu. Itanyamuka inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale wongodzikanda m'mutu. Foni inalira. Azakhali anatumiza mawu awo, aatali ngati ulaliki, oyamba ndi kuusa moyo. Inaliranso: msuweni wina, woti maliro okha ndiwo amamuonetsa nkhope, analemba kuti kholo ndi dalitso. Inaliranso: mlamu, mkazi wa Adimini, mwini msana uja, anaika kankhope kolira misozi. Aliyense anali ndi chonena. Anthu oti ukapempha wina adzagone ndi bambo usiku umodzi mafoni awo amatha moto, lero netiweki inawakomera onse.

Kulira kulikonse kwa foni yake ankakumva kawiri. Ankadziwa kuti kutsidya kwa tauni foni ina ikuliranso chimodzimodzi pachifuwa pa nkhalamba yokhala yokha pazenera, mokweza mpaka kumapeto, mmene anaikwezera iye mwini. Anaimbiranso Adimini, osayankha. Anamulembera payekha kuti wapepesa kale, afufute. Timizere tinasonyeza kuti wawerenga, koma anangoti zii. Mayi amene anakhala naye pampando anamufunsa ngati akudwala, poona mmene ankafinyira chikwama.

Akutsika minibasi m'pamene uthenga unabwera. "Ndafufuta. Tsiku lina muziyang'ana dzina musanatumize."

Anaima pakati pa njira n'kutukwana mokweza, mpaka wogulitsa makala anatembenuka. Kenako anathamanga.

Anawapeza bambo ali pampando pawo, mutu utapendekera kumbali, maso ali kunja. Foni inali lende pachifuwa. Anawapatsa moni, iwo anayankha ndi mutu monga mwa masiku onse. Ananamizira kuwakonza kolala, natenga foniyo n'kutsegula pagulu. Pamalo pa mawu ake panali chipsera chija: uthengawu wafufutidwa ndi adimini. Mawu a azakhali anali osatsegula. Anawafufuta, pamodzi ndi za msuweni ndi misozi ya mlamu, ndipo ulendo uno anawerenga kawiri asanadine.

"Wabwera... msanga," anatero bambo, mawu akukoka.

"Magetsi azima kushopu, Ababa."

Anagwedeza mutu. Mayi Fotokope analowa kukhitchini, natsamira khoma. Wapulumuka. Nkhalamba inali mtulo, kapena chala chinaphonya, kapena Mulungu yemwe anamutchula pachabe uja anamumvera chisoni. Mantha atachoka, ukali unabwerera pamalo pake, ndipo anayamba kukonza m'mutu mawu amene adzamuuze Adimini maso ndi maso, opanda foni pakati. Anatsuka mbale mozimenyanitsa.

Masana anawapatsa chakudya, anadya pang'ono. Anawapatsa tiyi, anakankha kapu ndi dzanja lamoyo lija. Sanadabwe, nkhalamba zili ndi masiku ake. Nthawi ya mankhwala itakwana anawaika piritsi pa lilime n'kuwayandikizira madzi. Bambo anameza piritsilo louma, nkhope ikukwinyika, natseka pakamwa. Kunja kunkatentha moti malata ankalira, ndipo milomo yawo inali itayamba kuuma.

Dzuwa litapendeka anabweranso ndi kapu ina. Anapeza botolo limene amawasiyira pa kasitulu lili lodzaza mpaka pakhosi, mmene analisiyira m'mawa. Kuleza mtima kwake kunali kutathera mu minibasi.

"Ababa, kodi lero mwatani? Kutentha konseku osamwa madzi? Adokotala anati chiyani za impso zanu? Mukufuna mudwale, anthu aja apezenso cholemba?"

Bambo anayang'ana kuzenera.

"Ndikulankhula ndi inu, Ababa. Ine ndasiya ntchito, ndathamanga tauni yonse, ndiye ndizidzakunyengererani madzi ngati khanda? Imwani!"

Anawagunditsa kapu pamlomo. Iwo anabweza mutu, madzi n'kudonthera pa malaya. Anakweza dzanja lawo lamanzere pang'onopang'ono, nagwira dzanja lake lomwe linali ndi kapu, nalikankhira pansi mofatsa. Anavutika kusonkhanitsa mawu, mbali imodzi ya pakamwa ikukana.

"Ndikamwa... uchapanso."

Bambo anakoka mpweya, napitiriza.

"Manja ako... apume, mwanawe."

Sanalankhule mokwiya kapena modandaula. Analankhula ngati munthu amene waganiza bwino tsiku lonse n'kupeza pomwe angathandize. Zimenezo ndiye zinamupyoza. Akanamutukwana, akanamutemberera, akanadziwa poyambira. Anagwada pansi kapu ili m'manja, ukali wonse wa tsikulo utasowa kolowera, chifukwa amene anatsala woti amukwiyire anali iye yekha.

"Ababa, sindimatanthauza zimenezo. Ndinatopa chabe. Ndichapa, ndimachapa ndi mtima wonse. Chonde imwani, ngakhale pang'ono pokha."

Bambo anamusisita pamutu ndi dzanja lija, monga ankachitira iye ali kamtsikana. Kenako anatseka milomo yawo youmayo mwamphamvu, natembenukira kuzenera.